Kusintha surname ukakwatiwa, mmene ndinayendera ine

Anthu ambiri amaganiza kuti ukangosaina pa tsiku la ukwati ndiye kuti dzina lasinthiratu. Ayi ndithu. Anthu atha kuyamba kukuitanani ndi dzina la amuna anu tsiku lomwelo, koma pa ID, pa pasipoti, kubanki ndi kuntchito mukadali yemwe uja wa dzina la bambo anu mpaka mutanyamuka nokha nkukauza ofesi iliyonse payokhapayokha. Maofesiwa sauzana. Mukakonza kumodzi kwinako sakudziwa kanthu, nde ntchito yonse yagona pakuti muyambire pati ndipo muthere pati.

Musanayambe nkomwe, fufuzani zimene lamulo la dziko lanu limanena chifukwa sizifanana. Ku Quebec, chigawo cha ku Canada, kuyambira 1981 mkazi sasintha dzina chifukwa cha ukwati, ku Greece lamulo la 1983 limati mkazi asunge lake, pomwe ku Japan ndi zosiyana kwambiri, Article 750 ya Civil Code yawo imati okwatirana akhale ndi surname imodzi basi, ndipo khoti lawo lalikulu linagwirizana nalo lamulolo mu 2015 komanso mu 2021. Maiko ambiri ali pakatikati, ukafuna umasintha, ukapanda kufuna palibe amakukakamiza. Ine ndinasintha mwakufuna kwanga, koma sindiona vuto kwa amene sasintha, makamaka amene anapanga kale dzina pa ntchito yawo.

Choyamba ndinakhala pansi ndi pepala nkulemba dzina lonse mmene ndikufuna lizionekera, chilembo ndi chilembo. Zikuoneka zachibwana koma apa mpamene pali nkhani. Kodi mukutenga la amuna anu lokha? Mukuphatikiza awiriwo ndi kamzere pakati? Kapena la bambo anu likhale pakati ngati dzina lachiwiri? Mayankho atatuwa mapepala ake ndi osiyana. Mmaiko ambiri ngati mukungotenga surname ya mnzanuyo, setifiketi ya ukwati imakwanira. Mukayamba kusuntha maina, kapena kupanga dzina latsopano la nonse awiri, kapena mukufuna mukonzeretu ndi dzina loyamba limene analakwitsa kale, nde zimafunika deed poll (chikalata cholengeza kuti mwasintha dzina) kapena affidavit yolumbira pamaso pa commissioner for oaths, kwina mpaka kukhoti. Ine ndinafuna la bambo anga lisachoke, likhale pakati, choncho ndinakalumbira affidavit yonena kuti wa dzina lakale uja ndi wa dzina latsopanoyu ndi munthu mmodzi. Ndi kapepala ka tsamba limodzi koma kanandipulumutsa malo ambiri.

Kenako setifiketi ya ukwati. Onetsetsani kuti ndi imene boma limaizindikira, yokhala ndi nambala yolembetsera, osati kakhadi kokongola kachikumbutso kaja. Ndipo muwerenge musanachoke pamalopo, dzina lanu, la amuna anu, masiku obadwa, zonse zifanane ndi za pa ID, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika pamenepo chidzakutsatirani ofesi iliyonse ndipo kukonzetsa pambuyo ndi ntchito ina yapayokha. Ndinapangitsa makope angapo nkukadinditsa kuti akhale certified, poti maofesi ena amatenga kope nkusunga osabweza, ena amafuna aone original ndi maso kenako akubwezereni. Original musamusiye paliponse asisi, ngakhale akuuzeni kuti mudzatenge mawa.

Ofesi yoyamba inali ya ID ya dziko. Chifukwa chake nchosavuta, wina aliyense amene mupite kwa iye pambuyo pake adzakufunsani ID, ndipo ngati ikadali ya dzina lakale adzakubwezani. Ndinanyamula ID yakale, setifiketi, affidavit ija, ndinadzaza fomu, anandijambulanso, nkundipatsa kalisiti kodikirira. Nambala siinasinthe, linasintha ndi dzina lokha. Nthawi yodikira imeneyi ndi yovuta pang'ono chifukwa uli ngati munthu wa maina awiri, nde ine sindinakhudze china chilichonse mpaka khadi latsopano litatuluka.

Tsopano pasipoti, apa ndikhalitsepo chifukwa mpamene anthu amalira. Dzina la pa tikiti ya ndege liyenera kufanana ndi la pa pasipoti imene muyendere tsikulo, basi, palibe zoti koma ndakwatiwa dzulo setifiketi nayi. Ngati muli ndi ulendo ukangotha ukwati, gulani tikiti pa dzina lakale, yendani pa pasipoti yakale, zosintha mudzayambe mutabwerako. Amuna ena chifukwa cha chikondi amathamangira kugula tikiti pa dzina latsopano ngati sapulaizi, auzeni msanga kuti asayerekeze, kusintha dzina pa tikiti makampani ena amalipiritsa ndipo ena amakana kumene. Ku UK amalola kupempha pasipoti ya dzina latsopano kutatsala miyezi 3 kuti ukwati uchitike, koma imayamba kugwira ntchito pa tsiku la ukwatilo ndipo yakale amaithetsa, nde pakatipo suyenda. China ndi visa. Ngati muli ndi visa yomwe ikadali ndi moyo mu pasipoti yakale, funsani ku embassy imene inakupatsani musanasinthe, chifukwa maiko ena amalola kuyenda ndi mapasipoti onse awiri ndi setifiketi, ena amafuna visa yatsopano. Ine pasipoti yanga inali itatsala pang'ono kutha nde ndinangodikira kuti zonse zichitikire limodzi mmalo molipira kawiri.

Amene mukufuna maina awiri ophatikiza, tayang'anani pansi pa tsamba la chithunzi mu pasipoti yanu, pali mizere iwiri ya zilembo ndi timivi tija <<<. Mzere uliwonse umatenga zilembo 44 zokha malinga ndi muyezo wa ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, ndipo dzina lonse liyenera kulowa mu mzere woyambawo. Kamzere kapakati kamasanduka <, apostrofe amangoichotsa, dzina likatalika kwambiri amalidula. Si mlandu, koma dziwani kuti makompyuta ena adzalemba maina anu mogundanitsa, ena mosiyanitsa, ndipo tsiku lina mudzafotokozapo pa kauntala. Izi zinandithandizanso kusankha kuti ndisaike kamzere.

ID ndi pasipoti zitatheka, laisensi yoyendetsera galimoto inali yosavuta. Banki ndi kuntchito ndinachita sabata imodzi dala, ndipo ndinasankha malipiro atangolowa kumene. Ngati HR atumiza salale pa dzina latsopano pomwe akaunti ikadali pa lakale, kapena mosemphanitsa, ndalama itha kubwerera, ndiye mukhala mukuimba mafoni mwezi ukutha. Kubanki anandifunsa ID yatsopano ndi setifiketi, anandisainitsanso pa khadi lawo, nkuitanitsa ATM khadi ina. Za siginecha, simukakamizidwa kusintha, ine ndinasiya yomwe ija chifukwa ndi zokhotakhota zosawerengeka kale, koma ngati mukusintha yesererani kunyumba kaye, musakaphunzirire pa kauntala. Ku HR muwakumbutse kuti asasinthe pa payslip pokha, akonzenso za msonkho, penshoni ndi medical scheme, ndipo poti mwafika kale pamenepo onaninso amene munawalemba kuti adzalandire za penshoni ndi inshuwalansi mukadzamwalira, ambiri tinalemba tili mbeta nkuiwala.

SIM khadi ndi mobile money musaziiwale, zinalembetsedwa pa ID yakale, ndipo tsiku limene foni idzatayike nkufuna kubwezeretsa nambala mpamene adzakuuzeni kuti maina sakugwirizana.

Pali zina zimene sizisintha ndipo musavutike nazo. Setifiketi yobadwira imakhala momwemo. Masetifiketi a sukulu ndi digiri kawirikawiri sawalembanso, amakhala pa dzina limene munalembera mayeso, choncho pofunsira ntchito kapena sukulu mumangophatikizapo kope la setifiketi ya ukwati, ndipo pa fomu pakakhala malo ofunsa maina akale mudzaze, musasiye. Mapepala a malo, nyumba kapena galimoto sakhala osagwira ntchito chifukwa mwasintha dzina, katunduyo akadali wanu, koma ndi bwino kukonzetsa mukapeza mpata kusiyana nkudzayamba kuthamanga wogula atafika kale. Anamwino, aphunzitsi, maloya ndi ena olembetsedwa ku bungwe la ntchito yawo, pitaninso kumeneko kuti laisensi ifanane ndi ID. Ndinajambula mapepala onse akale ndi atsopano nkusunga pa imelo, chifukwa mafunso oti kodi uyu ndi inu amabwera ngakhale patapita zaka.

Zomaliza zinali zopepuka, imelo ya kuntchito, WhatsApp, Facebook. Pa Facebook pokha lembani mosamala, mukasintha dzina amakudikiritsani masiku 60 musanasinthenso.