Kuthamangitsa mwera: Senga Bay, Kande mpaka Vilankulo ndi kaiti pa kariya

Mwera ukayamba cha mu Meyi anthu akunyanja amadandaula, usipa umakwera mtengo, a zanyengo amayamba zochenjeza pa wailesi kuti asodzi asamale, ndiye pali ife anthu ochepa openga amene nthawi yomweyo ndi pamene timayamba kufufuza kuti petulo akupezeka pati. Kwa amene simunaonepo, kitesurfing ndi masewera oti umaima pa kabolodi pamadzi ndipo chikaiti chachikulu chopopa mpweya chimakukoka, zingwe zake zimatalika mamita 20 mpaka 24, umazikoleka pa lamba wa m'chiuno basi n'kumapita. Ine ndinaphunzirira ku Cape Town pamene ndinkagwira ganyu yonyamula ndi kutsuka zida pa kashopu kena ku Blouberg, ma weekend abwana ankanditenga ku Langebaan komwe madzi ndi osaya ndipo olo ugwe kangati sukhala ndi mantha. Kumeneko mphepo yake ndi ya Novembala mpaka Malichi. Kwathu kuno ndi Juni, Julayi, Ogasiti makamaka, ndiye munthu utakhala ndi ndalama ukhoza kumangosinthasintha chaka chonse, kungoti ndalamazo ndi zimene kulibe kkkk.

Funso limene ndimalandira kwambiri ndi loti malo abwino ndi ati, ndipo aliyense amathamangira kunditchulira Cape Maclear. Amwene, Cape Maclear ndi kokongola palibe angatsutse, mpaka UNESCO inaika paki ya kumeneko pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984, koma pa kaiti nthawi ya mwera ine sindipitako. Mudzi wa Chembe unayang'ana chakumpoto ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri, mwera umachokera kummwera chakummawa, ndiye mphepo imafika itadumpha mapiri aja, yodukaduka, pena zii pena n'kukumenya mwadzidzidzi, komanso ikuchokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Imeneyo ndiye mphepo yoipitsitsa. Chingwe chikaduka kapena kaiti ikagwa osadzukanso, sikubwezera kugombe ayi, imakutenga ulendo wa ku Domwe n'kupitirira. Malo okongola pa chithunzi ndi malo a kaiti ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ma lodge ambiri anamangidwa dala pobisala mphepo kuti alendo azimwa mowa mwamtendere, pomwe ife tikufuna pamtetete penipeni.

Ndiye ulendo uno tinanyamuka ndi alamu anga, iwo za madzi ayi, amangokonda kuyendetsa ndi kudya chambo. Kuchoka ku Lilongwe pa M14 kutsikira ku Salima, kenako kamsewu kaja ka ku Senga Bay. Gombe la kumeneko linayang'ana kummawa ndiye mwera umabwera chammbali kwinaku ukukukankhira kumtunda, zimene timafuna zimenezo, ukalakwitsa umangokathera pamchenga. Vuto la Senga Bay ndi anthu. Pali malo okocheza asodzi, maboti a chilimira ndi zingwe za nangula paliponse, mathandala a usipa, amayi akuchapa, ana ndiye osanena, ukangoyamba kupopa kaiti amatulukira ngati nyerere pa shuga ndipo aliyense akufuna agwireko chingwe. Zingwe zimenezi zikakungika zimacheka, si zoseweretsa. Ndimayenda kaye wapansi mpaka ndipeze poti pali mchenga wautali wopanda mitengo ndi mawaya a magetsi, ndikatero ndimapempha mnyamata wamkuluko mmodzi kuti aziwauza anzake akhale kumbuyo kwanga komwe kukuchokera mphepo, pamapeto kumpatsa ya Fanta. Komanso chiyambire pamene madzi anakwera kwambiri mu 2024 magombe ena amene ndinkawadziwa anachepa, pena pomwe tinkayalapo zingwe panangotsala khoma la loji ndi zitsa m'madzi, ndiye osadalira chithunzi chakale cha pa Google Maps, kafikeni muone ndi maso.

Za mphepo ndimayang'ana pa Windy ndi Windguru ngati wina aliyense, koma pa nyanja yathu ino ma app amenewa amangokupatsa chithunzithunzi. Amene amadziwa ndi asodzi. Ku Senga Bay ndinapeza madala ena akusoka ukonde pansi pa mtengo, ndinawapatsa moni n'kuwafunsa kuti bambo mawa kukhala bwanji, anayang'ana kumwamba, kuyang'ana nyanja, akuti "mawa sitilowa ife, inuyo ndi chinsalu chanucho mulawire m'mamawa, dzuwa likapendeka ugona umenewu." Ndipo zinaterodi, pomwe foni inkandilonjeza mphepo tsiku lonse. Kuyambira pamenepo ndikafika malo atsopano ndimayamba ndaona maboti, ngati onse akokeredwa kumtunda ndipo anthu akungosewera bawo ndiye kuti tsiku langa limenelo. Asodziwa amasiyanitsa bwinobwino mwera, mpoto wa nthawi ya mvula ndi vuma wochokera kummawa, ndipo amakuuzanso pomwe pali miyala yobisika ndi pomwe anatchera maukonde usiku, zimene app iliyonse singakuuze. Funsaninso za ng'ona ndi mvuu mosachita manyazi. Pamathiriro a mitsinje monga Linthipe ndi Bua ine sindilowa olo madzi akhale osalala chotani, ndipo m'mabango momwe madzi angoima ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo, ndiye ukabwerako kunyanja kukayezetsa kuchipatala si nkhani yochita kukambirana.

Kuchoka apo tinakwera M5 kudutsa Nkhotakota, Dwangwa ndi minda ya nzimbe ija. Msewu umenewu mbali zina ndi wopapatiza, m'mphepete munadyeka, njinga ndi mbuzi ndi malole a shuga zonse momwemo, usiku musayerekeze. Mafuta thirani paliponse pomwe mwawapeza olo thanki ili pa theka. Pa rodibuloko iliyonse funso linali limodzi, m'chikwama chachitalicho muli chiyani, ndipo kufotokoza kaiti kwa munthu amene sanaionepo kumatenga nthawi kuposa kungomuonetsa kavidiyo pafoni, akaonera amaitana anzake ndiye mwachedwanso.

Kande ndi Chintheche ndiye kumene mtima wanga uli. Mchenga woyera wautali, anthu ochepa poyerekeza ndi Salima, ndipo mafunde ake ndi enieni. Paja nyanjayi ndi yaitali pafupifupi makilomita 580 ndipo inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto, ndiye mwera umayenda mtunda wonsewo ukusonkhanitsa madzi, ukamafika kuno mafunde akula. Ndi chifukwa chake mpikisano wa maboti a matanga uja wa mu Julayi unkayambira ku Mangochi kulowera kumpoto, mphepo ili kumbuyo. Koma mafunde a panyanja ya madzi opanda mchere ndi ena, amabwera mothithikana, lina lisanathe lina lafika, mawondo amamva ndithu, komanso madziwa sakuyandamitsa ngati amchere ndiye ine jekete yoyandamitsa sindivula. Wina akamati ndi nyanja chabe si ocean ndimamukumbutsa za sitima ya Vipya imene inagubuduzika pa 30 Julayi 1946 chakufupi ndi Chitimba anthu 145 n'kutsikira kuli chete, inali nthawi ngati yomweyi. Ku Kande kulibe boti lopulumutsa anthu limene likukudikira, ndiye sindipita kutali kuposa pomwe ndingathe kusambira kubwerera, kachilumba kali patsogolo pa gombelo ndimangokayang'ana. Ndinanyamula kaiti yokula masikweya mita 9 ndi ina ya 12, yaikuluyo ndi imene inagwira ntchito masiku ambiri, ya 9 inatuluka pamene mwera unakwiya zenizeni mpaka alamu anakabisala m'galimoto chifukwa cha mchenga wowaza m'maso.

Nkhata Bay tinangodyako nsima ndi nsomba ya batala. Miyala, zitunda, timagombe ting'onoting'ono, poyala zingwe palibe.

Mwera utayamba kufooka tinabwerera kumudzi kukapuma pang'ono kenako ulendo wa ku Mozambique, chifukwa alamu anali asanaonepo nyanja yamchere ndipo ankandivutitsa. Tinatulukira pa Dedza, kutsikira ku Tete kuwoloka Zambezi, kutentha kwake kuja mukukudziwa, kenako Changara, Catandica, Chimoio, pa Inchope n'kukhotera kummwera pa EN1. Chigawo cha pakati pa Inchope ndi mtsinje wa Save chinatidyera tsiku, maenje ake ena ungagonemo, ndiye tayala lapadera likhale labwino ndipo ma triangle ndi chijekete chowala chija zikhale pafupi chifukwa apolisi akumeneko amazifunsa. Inshuwalansi ya galimoto mumagula pa boda pomwepo. Ku Tete Chinyungwe chimamveka ndithu kwa munthu wa Chichewa, koma mukawoloka Save ndiye ndi manja ndi ka Chipwitikizi kochepa komwe muli nako.

Vilankulo ndi nkhani ina. Kutsogolo kuli zilumba za Bazaruto, Benguerra ndi Magaruque zimene zimatchinga mafunde akuluakulu, ndiye mkatimu madzi ndi osalala, owala mpaka kuona mchenga pansi, ofika m'chiuno malo aakulu zedi. Munthu wophunzira kumene apite kumeneko, kulinso masukulu a kaiti oti akhoza kukuphunzitsa ndi kukutsatira pa boti. Chimene munthu wakunyanja kwathu amayamba wasokonezeka nacho ndi kuphwera ndi kudzaza kwa madzi kawiri pa tsiku. Ku Salima pomwe wasiya patapata m'mawa umakampeza pomwepo madzulo, kuno ukafika nthawi yolakwika umapeza nyanja yathawa, maboti a matanga agona chammbali pamchenga, uyende mtunda ndi kaiti kumutu, ukachedwanso madzi amabwerera mpaka gombe lonse kutha osapeza potsitsira. Ndiye kuwonjezera pa mphepo umayang'ananso tebulo la nthawi za madzi, ndipo akamatuluka pakati pa milu ya mchenga amakoka mwamphamvu. Mphepo yake imasinthasintha, masiku ena yochokera kumpoto chakummawa yofatsa bwino, kenako imatembenuka kuchokera kummwera yamphamvu ndi kozizirira, ndiye mbali ya gombe yomwe inali bwino dzulo lero siikhala momwemo. Pansi pali zigoba zakuthwa, valani tinsapato tam'madzi. Ndipo mchere umadya zida, madzulo aliwonse kutsuka zingwe ndi bar (kandodo kowongolera kaiti) ndi madzi akumpopi, chinthu chimene ku Kande sindinkachiganizira n'komwe.

Alamu anatsimikiza kuti nkhanu ndi prawns sizingapose chambo, tinakangana njira yonse. Ankafuna tipitirire mpaka ku Tofo kufupi ndi Inhambane poti anamva kuti kuli mafunde aakulu, koma ma metical anali atatha ndipo pampu yanga inali itayamba kutaya mpweya pa paipi, ndinkangoimata ndi tepi. Chaka chamawa mwera ukayamba ndikufuna ndikwere Ilala ndikayese ku Likoma, ngati alipo wina ali ndi kaiti ya 7 yoti angandibwereke tiyankhulane, ine ndibweretsa pampu yatsopano.