Mababu anga anayitanitsa abusa ku Rosettenville

Aliyense amene wakhalitsa ku Joni kuno akudziwa kuti mabwana a ku Randburg akamakonzetsa nyumba zawo, zimene amataya ife timati Mulungu wayankha. Ine ndimagwira ya mu gadeni ndi tina tokonzakonza pa nyumba ina kumeneko, ndiye bwana atasintha maswichi a nyumba yonse anandipatsa kabokosi ka ma smart dimmer, aja oti getsi umaliwalitsa kapena kulichepetsa uli khale pa sofa foni ili m'manja. Akuti ndikagulitse kapena nditaye. Kutaya? Ine?

Nthawi imeneyo n'kuti apongozi ali m'njira kuchokera ku Ntcheu kudzaona mdzukulu, ulendo wawo woyamba kutuluka m'Malawi, pa basi kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndiye ndinati mayi amenewa akafike kumudzi akanene kuti mkamwini uja ku Joni sakusewera, magetsi amayatsa osadzuka.

Ndinapita ku Crown Mines kukagula mababu, aja a mu paketi otchipa, LED ya 9W, B22 yokankha n'kupotokola ija, oyera kuti mbee 6500K. Pakatoni panali kachithunzi ka kabatani kozungulira atakadula ndi mtanda, ine n'kumati mwina akuletsa kuika pa chitofu, ndani angaphike babu. Pabalaza pathu pali chopachikira magetsi cha mababu atatu, ndinaika awiri atsopano, lapakati ndinasiya lomwe linalipo, lija lotchaja lokhala ndi batire mkati limene tinagula nthawi ya stage 6 mu 2023 pamene load shedding inatikhaulitsa tonse.

Tinathimitsa pa DB board, bokosi la maswichi akuluakulu a nyumba lija, ine ndi mnzanga wina tinamasula swichi yakale, m'khomamo mawaya awiri okha, wobweretsa moto ndi wopita ku babu. Mwamwayi maswichi a bwana aja anali oyendera omwewo. Wifi inavuta kaye chifukwa tinthu timeneti timafuna 2.4GHz basi, 5GHz timangoyiyang'ana, koma pamapeto pake zinatheka. Ndinaikanso ka schedule kuti 9 koloko usiku magetsi azitsika okha kufika pa 20% kuti mwana azigona bwino. Kumbukirani zimenezo za 9 koloko.

Apongozi anafika atatopa, anangosamba, kudya n'kugona pabalaza pomwepo madzulo asanakhwime. Ndinathimitsa pa foni monyadira koma sanaone n'komwe. M'mawa ndikumva akuuza mwana wawo kukhitchini, paja ine ndi iwo sitiyankhulana maso ndi maso, uthenga umadutsa kaye mwa madam.

"Kawauze bambo a mwanayu kuti getsi lawoli silikugona."

Madam anabwera nazo. Ndinati mwina ndi kuwala kwa pamsewu. Usiku wotsatira ndinadzuka mwakachetechete kukasuzumira, aaa zoonadi, swichi ndi yothimitsa, app ikuti off, koma mababu awiri aja akuoneka kuwala kwa mbuu pang'onopang'ono, kenako limodzi n'kuphethira kamodzi, kudikira, kuphethiranso. Lapakati lija ndiye silinafune n'kumva komwe, linali ngwee. Ndipo ukayatsa n'kuchepetsako pang'ono, onse amayamba kulira ngati udzudzu wa ku Nchalo, moti apongozi anafunsa ngati tili ndi neti.

Mafunso anayamba. Nyumbayi ankakhalamo ndani kale? Anachoka bwinobwino? Landilodi amapemphera? Nanga zinthu zopatsidwa ndi azunguzi munazifunsa kuti akuzitayiranji? Madam m'malo mondithandiza anawonjezera kuti nawonso masiku amenewa akumalota zachilendo. Ine ndinayesa kunena kuti ndi nkhani ya mawaya chabe, yankho linabwera kudzera kukhitchini konkuja:

"Auze kuti mawaya saphethira."

Mkamwini angatani pamenepo. Lachisanu madzulo kunabwera abusa a tchalitchi china cha Amalawi chomwe chimakumana mu garaja ku Turffontein, ndi amayi atatu, mkulu wa mpingo mmodzi, ndi kamnyamata koimba keyboard. Tinawaphikira nsima ya Iwisa ndi usipa umene apongozi anabwera nawo, anadya bwino, anasamba m'manja, mapemphero n'kuyamba. Poyamba zinali zofatsa, magetsi ali pa 100% akuyaka mwaulemu, ine pansi pamtima n'kumati zitha bwino izi, apemphera azipita.

Abusa anayamba kutenthedwa, jekete anavula, mawu anakwera. Anatambasula dzanja kuloza kudenga n'kukuwa kuti, "Chilichonse chobisala m'nyumba muno, ndikuti chionekere tsopano!"

9 koloko inakwana.

Abale anga. Magetsi anatsika okha, ndipo chifukwa mababu aja sadziwa kutsika mwaulemu, anayamba kuthwanima mothamanga, phethi phethi phethi, phokoso lija lili zzzz, nkhope za anthu zikuoneka n'kusowa, kuoneka n'kusowa. Mayi mmodzi anagwa chagada pa sofa. Wina anayamba malilime amene sindinawamvepo chibadwire. Apongozi anangoti "ndinanena ine" atakumbatira mdzukulu. Ine ndikusakasaka foni m'matumba kuti ndikweze, osaipeza, kumeneko ili pa tchaja kuchipinda, ndipo kudutsa pakati pa anthu akulimbana ndi ziwanda kuti ukatenge foni sizioneka bwino.

Abusa, ndiwapatse ulemu wawo, ndi munthu wolimba mtima. Anakoka mpando wa pulasitiki, kukwera, kugwira babu lapakati lija n'kulizula. Anatsika nalo, thukuta lili kamukamu, n'kuligwira kumunsi kwake kuti alidzudzule bwino.

Linayaka. M'manja mwawo. Lopanda waya.

Mkulu wa mpingo uja sindinaone mmene anatsegulira loko wa burglar door, ndinangomva geti panja. Abusa anaima chilili babu lili m'mwamba likuwala, pakamwa pali yasa, osadziwa ngati ndi mdani kapena ndi kudzoza. Analiponya pa sofa, linathima. Analitolanso, linayakanso. Pamenepo ndi pomwe tinamva munthu akufwenthera pakona, kamnyamata ka keyboard kaja kagwira pamimba misozi ili chuchuchu. Abusa anati mzimu wamulowa, iko kanati ayi abusa pepani, ine masana ndimagwira ntchito ya magetsi ku Fourways.

Kanayatsa tochi ya foni, kupempha katoni ya mababu, n'kundionetsa kachithunzi ka mtanda kaja.

"Achimwene, apa akutanthauza kuti babu ili si dimmable. Mwalimangirira pa dimmer."

Ndiye kanayamba kutiphunzitsa tonse, ndi apongozi omwe anasendera pafupi. Akuti dimmer sichepetsa magetsi ngati mmene anthu timaganizira, imachita kuwadula. Moto wa m'nyumba kuno ndi 230V ndipo umasinthasintha ka 50 pa sekondi, dimmer imabudula kachidutswa paliponse. Mababu akale aja a kawaya mkati, a 60W kapena 100W, zimenezo analibe nazo ntchito, kawayako kamangofiira pang'ono basi. Koma LED ili ndi ka driver mkati, kachipangizo kowongolera moto wolowa m'babumo, ndipo ngati sikanapangidwire zodulidwadulidwa kamalimbana kuti kawalebe mofanana, kamalephera, kamayesanso, ndiko kuphethira kuja ndi kulira kuja.

"Nanga osagona usiku?" Ameneyo anali apongozi, ndipo kwa nthawi yoyamba funso silinadutse kukhitchini.

"Amayi, m'khoma mwa nyumba zakalezi pa swichi sipafika waya wa neutral, uja wobweza moto. Ndiye swichi iyi kuti ikhale maso kudikira wifi, imaba timoto pang'ono kudzera m'babu momwemo. Babu lakale silikanamva n'komwe, koma LED imadya pang'ono kwambiri moti timoto timeneto timaikwanira kuwala. Timaika ka bypass capacitor kumwambako pa fitting, nkhani yatha."

Za babu la m'manja mwa abusa kanafotokoza mosamala kwambiri, poti bwana wake wa Lamlungu anali pomwepo. Akuti mababu otchajawa amayaka ndi batire akaona kuti timapini take tiwiri talumikizana koma moto wa Eskom palibe, ndiye chala chonyowa ndi thukuta chimakwanira kulumikiza. Ndipo babu lotero pa dimmer saika, ngakhalenso ma smart bulb aja okhala ndi wifi yawoyawo, amenewo amafuna moto wathunthu, amachepetsa okha mkati. Abusa anangoti "mmm", n'kupukuta dzanja pa thalauza.

Ine ndinafunsa kuti ndiye ndigule chani. Kanati choyamba pakatoni palembedwe dimmable, osati wogulitsa angonena pakamwa. Chachiwiri ndione kumbuyo kwa swichi ngati ndi trailing edge, chifukwa ma dimmer akale a leading edge ndi amene amakonda kukangana ndi LED, komanso dimmer iliyonse ili ndi minimum load, ukaipatsa ma watt ochepa kwambiri imasokonezeka. Mababu a pa swichi imodzi akhale a mtundu umodzi, ma watt ofanana, osasakaniza. Ndigule limodzi kaye ndiyese ndisanathire ndalama zonse, ndipo mu app ndiike malire kuti lisamatsike kupyola pomwe limayamba kunjenjemera. Kanawonjezera kuti pabalaza 6500K ndi ya ku chipatala, ndipeze 2700K kapena 3000K, yowala mwachikasu pang'ono ija, ya ma lumens (muyeso wa kuwala) cha m'ma 800. Kenako kanandiyang'ana n'kufunsa kuti landilodi akudziwa kuti mwamasula khoma lake, nanga za CoC, chikalata chotsimikizira kuti mawaya a m'nyumba anamangidwa mwalamulo, mukuzidziwa? Ndinakathirira tiyi wina kuti kasiye nkhaniyo.

Mababu a dimmable aja mtengo wake si wa ku Crown Mines ayi, kuphatikiza capacitor, kuphatikiza ya transipoti ya abusa, kuphatikiza ya kamnyamata kaja kamene kanabwera Loweruka kudzamanga bwinobwino, ndalama imene ndinasungira bulangete la apongozi inapita yonse kudenga. Mkulu wa mpingo uja mpaka lero tikakumana pa taxi rank amandipatsa moni ali patali.

Apongozi anabwerera ku Ntcheu, ndipo zonse za driver ndi neutral zija anazisiya pa Beitbridge. Nkhani imene inafika kumudzi ndi yoti ku Joni kuli m'busa amene anagwira moto ndi manja m'nyumba ya mkamwini wawo. Pa gulu la banja la WhatsApp anthu akupempha nambala yake, azakhali ena atumiza kale mayina a ana oti awapempherere mayeso a MSCE. Babu lotchaja lija ndinalifunafuna pa sofa, pansi pa sofa, osalipeza. Kamnyamata ka keyboard kandiuza kuti kanaliona m'chikwama cha abusa, ndipo akuti mwezi wamawa kuli overnight.