Momwe ndinapezera wolera mwana wanga, ndi kope lathu la malipiro

Tchuthi changa cha uchembere chinali cha masabata 8 basi, monga limanenera lamulo la zantchito la 2000, ndiye mwana atangokwanitsa mwezi ndinayamba kusakasaka womusiyira. Poyamba ndinaimbira mayi kumudzi ku Dedza kuti andipezere mtsikana. Amene anafika anali mwana wa achibale wazaka 15, wosiyira Sitandade 7. Mtima unandiwawa. Mwana angalere bwanji mwana mnzake tsiku lonse? Ndinamugulira yunifolomu ndi makope, n'kumukweza basi kuti akapitirize sukulu.

Kenako ndinauza amayi a mvano kutchalitchi kwathu ku Area 25. Kunabwera anthu atatu. Aliyense ndinamupempha chiphaso cha unzika ndi nambala ya komwe ankagwira ntchito kale, ndipo manambalawo ndinaimbadi. Ndinkafunsa chomwe anasiyira ntchito, komanso ngati angamulembenso atabwerera. Mmodzi nambala yake sinkapezeka masiku atatu. AnaPhiri, mayi wa ana awiri akuluakulu, abwana awo akale anati anasiyana chifukwa chosamukira ku Mzuzu basi.

Ndinawapempha kuti ayambe ndidakali pakhomo. Sabata yonseyo ndinkaona mmene akusambitsira mwana, ngati akusamba m'manja akachotsa thewera, ndi nkhope yawo mwana akalira osatonthola. Kusikelo tinapitira limodzi kuti adziwe njira.

Nkhani ya ndalama ndi imene ndinaikhalira pansi kwambiri, chifukwa mawu oti "tiziona" ndawaona akudanitsa anthu m'makomo ambiri. Tinakhala anayi: ine, bambo a kunyumba, anaPhiri ndi achemwali awo ngati mboni. Ndinagula kope. Chaka chimenecho, 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wapakhomo amene boma linaika anali K52,000, ndipo ife tinagwirizana K70,000, yolandira pa 28 mwezi uliwonse kudzera pa Airtel Money, ine n'kuwonjezerapo yotapira. Uthenga wa pafoni umakhala umboni kwa tonse awiri.

Tinalembanso kuti ntchito yawo ndi mwana, zovala zake ndi chakudya chake. Kuchapa za akuluakulu ndi ganyu wolipira padera. Lamlungu ndi lopuma, ndipo pachaka ali ndi tchuthi cha masiku 18 cholipidwa, popeza amagwira masiku 6 pasabata. Nsima ndi sopo sitidula pa malipiro, mbale ikasweka yasweka. Adivansi ndi kamodzi pamwezi, osapitirira theka la malipiro.

Mu Novembala, mvula itayandikira, anaPhiri anabwera manja ali kumbuyo. "Mayi, pepani, ndimapempha K100,000 ya feteleza, kumudzi akudikira ine." Zinapyola zomwe tinalemba. Kukana kunandivuta, poti ndikudziwa munda wopanda feteleza umabereka chiyani. Komanso kuwapatsa yonse ngati adivansi kukanatanthauza kuti agwire mwezi wathunthu ndi masiku ena osalandira kanthu, ndipo munthu wotero amayamba kuyang'ana kwina. Ndinawauza kuti, "AnaPhiri, ndikubwerekani, koma ikhale ngongole yapadera. Tizidula K20,000 pamwezi mpaka miyezi isanu, yopanda chiwongoladzanja." Tinalemba tsamba lake, tonse n'kusaina.

Malirewo anandimanga inenso. Mwezi wina kuntchito kwathu anachedwa kutilipira, ndipo ndinakatenga ndalama ku banki mkhonde kuti pa 28 asadutse. Apongozi atabwera kudzacheza anayamba kuwatuma anaPhiri kuchigayo mwana ali kumsana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinagwada n'kuwafotokozera mwaulemu kuti anaPhiri tinawalembera mwana, ndipo mphale ndikagayitsa ndekha Loweruka. Sanasangalale tsikulo, koma sanawatumenso.

Ngongole ija inatha mu Epulo. Mwezi womwewo tinatsegulanso kope, tinaona mmene mitengo ya sopo ndi ufa yakwerera, ndipo tinalemba malipiro atsopano pansi pa akale, achemwali awo aja ali pomwepo.