aespa ndi mafilimu a maloboti

Inu okonda mafilimu a maloboti ndi nkhondo za m'mlengalenga, musamanyoze K-pop, nyimbo zamakono za ku South Korea, musanaonere mavidiyo a gulu la aespa. Atsikana anayiwa, Karina, Giselle, Winter ndi Ningning, anatulukira mu 2020 pansi pa kampani ya SM Entertainment ya ku Seoul, ndipo aliyense anamupangira mnzake wa pa kompyuta wofanana naye. M'mavidiyomo muli chinjoka chakuda, mizinda yowala mbee, kuvina kopanda wophonya phazi. Zimene Hollywood imakokera maola awiri ndi theka mpaka munthu kuwodzera, iwo amamaliza m'mphindi zinayi. Chondivuta n'choti nyimbo imasintha mayimbidwe pakatikati mosachenjeza, wovina n'kungoima kakasi. Komabe ndimabwereza.