Madzi akasiya, zimitsani giza

Abale anga amene muli ndi giza (thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi) kunyumba, chonde madzi akasiya m'mipope muziizimitsa msanga. M'kati mwa thanki muli elementi, chitsulo chotenthetsa ngati cha m'ketulo yamagetsi, ndipo chimafuna kumira m'madzi nthawi zonse. Chikayaka thanki ilibe madzi chimapsa m'kanthawi kochepa. Madzi akabwera, tsegulani kaye mpope wa madzi otentha mpaka mpweya wonse utatha, kenako muyatse.

Thermostat, yomwe imayang'anira katenthedwe ka madzi mu giza, ikhale pa madigiri 60. Mukatsitsa kwambiri, tizilombo ta Legionella timaswana m'madzi ofunda. Mukakweza, mayunitsi amatha msanga ndipo zoyera zonga laimu zochokera m'madzi zimaundana pa elementi, makamaka ngati madzi anu ndi apamjigo.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi kapaipi kodontha kunja kwa nyumba kaja. Anthu ena amakatseka kuti madzi asatayike. Musayerekeze! Madzi akatentha amafufuma, ndiye valavu (kachitseko kachitetezo ka pa giza) imatulutsako pang'ono kudzera m'kapaipiko kuti thanki isaphulike. Kudontha pang'ono n'kwabwinobwino. Kakamathira osalekeza kapena kutulutsa nthunzi, zimitsani giza, muitane pulambala tsiku lomwelo.