Mmene shopu yathu ya magemu inasandukira malo okonzera makompyuta

Shopu yathu ili pa boma la Kasungu, chakumsika, ndipo anthu ambiri amangoitchula kuti "kumagemu" ngakhale kuti masiku ano ndalama zochuluka timazipeza pokonza makompyuta ndi mafoni. Dzina limeneli linkandiwawa poyamba, chifukwa kuno kwathu munthu akamva za magemu maganizo ake amathamangira kwa ana othawa sukulu ndiponso kwa anyamata otchova juga. Pano ndinalivomera ndi mtima wonse, pakuti pafupifupi aliyense amene wagwirapo ntchito yokonza makina pa shopu pano analowa pakhomo lathu koyamba ndi cholinga chodzasewera gemu basi.

Ine ndinakulira pa esiteti ya fodya, ndipo kanema ndinamuonera koyamba m'kanyumba kofolera ndi udzu kamene kanali ndi wailesi yakanema yoyendera batire ya galimoto. Anzanga ankatuluka m'menemo akuponyerana zibakera potengera zimene aona, koma ine ndinkatsalira kuti ndione mwini malowo akutsegula makina oseweretsera matepi. Ankamasula tizitsulo tinayi, n'kuchotsa chivundikiro, kenaka n'kunyowetsa kathonje ndi sipiriti n'kumapukuta pang'onopang'ono kachitsulo kozungulira kamene tepi imadutsapo. Akabwezeretsa chivundikirocho, chithunzi chimene chinali ndi mizeremizere chinkaoneka bwinobwino. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti m'kati mwa chinthu chilichonse chodabwitsa muli zinthu zimene manja a munthu angathe kuzigwira.

Mpamba woyambira bizinesi anandibwereka ndi malume atagulitsa mabelo awo ku okushoni ya Chinkhoma. Munali mu 2013, chaka chimene kampani ya Sony inatulutsa makina osewerera magemu a PlayStation 4, koma ine ndinakwera minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kupita ku Lilongwe kukagula PlayStation 2 ziwiri zakale, makina amene anatuluka mu 2000, pamodzi ndi kompyuta imodzi yapatebulo ya Windows XP. Sindinachite manyazi ndi ukale wake. Makina a PlayStation 2 anagulitsidwa oposa 150 miliyoni padziko lonse, choncho zipangizo zake sizinkasowa, ndipo imodzi ikafa inkasanduka nkhokwe ya zida zokonzera inzake. Malume atabwera kudzaona kumene ndalama yawo yapita, anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana anyamata awiri akukuwa kutsogolo kwa sikirini, ndipo anandifunsa kuti, "Mphwanga, ndiye fodya wanga yense uja wathera pa zidole?" Ngongole yawo ndinaimaliza patatha nyengo ziwiri za malonda a fodya, koma funso lawolo ndinakhala nalo zaka zambiri.

Zaka zoyambirira tinkachitanso zimene ambiri ankachita, kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemori kadi. Ntchito imeneyi tinaisiya nditazindikira kuti woimba amene watuluka thukuta ku situdiyo sapezapo kanthu, ndipo m'malo mwake tinayamba kutaipa makalata, kusindikiza ndi kujambula zithunzi za ziphaso. Bizinesi ya pa Kasungu imatsatira fodya. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo ndalama imaoneka m'matumba, koma mu Januwale ndi Febuluwale, pamene anthu akulimbana ndi feteleza, fizi ndi chakudya, tinkatha kukhala tsiku lonse tikungopukuta fumbi.

Chimene chinasintha shopu yathu ndi mayi wina amene anabwera m'mawa wa tsiku lina ali ndi mkwiyo waukulu. Anapeza mwana wawo wa Sitandade 7 atakhala pabenchi, yunifolomu atabisa m'chikwama, akusewera gemu ya mpira ndi ndalama imene anamupatsa kuti akagayitse chimanga. Anandiuza kuti, "Bambo, inu muli ndi ana kunyumba kwanu? Mukudya ndalama ya mwana wanga uku mukudziwa kuti belu la sukulu lalira kale?" Ndinalibe choyankha chifukwa ankanena zoona. Ndinawabwezera ndalama yawo, ndinapepesa, ndipo madzulo ake ine ndi mayi a kunyumba tinakhala pansi n'kugwirizana malamulo amene alipo mpaka lero. Mwana wasukulu saloledwa kusewera nthawi ya maphunziro isanathe, ndipo kubetcherana ndalama pa gemu n'koletsedwa, ngakhale kwa akuluakulu. Ndalama zinatsika kwambiri mwezi umenewo, ndipo anyamata ena amene ankabwera kudzabetcha anasamukira kwina osabwereranso.

Mnyamata uja anabweranso Loweruka lotsatira, wopanda ndalama, n'kukhala pakona kumangoonerera. Tsikulo ndinali kukonza padi, kachipangizo kogwira m'manja posewera gemu, imene batani lake lowombera mpira linasiya kugwira ntchito. Nditaitsegula, iye anasendera pafupi mpaka mpweya wake unkandifika pamkono. Ndinamuonetsa karabala kamene kamakhala pansi pa batani, kokhala ndi kadontho kakuda kamene kamagunda pa bolodi kuti magetsi adutse, ndipo ndinamuuza kuti thukuta la m'manja ndi fumbi la Kasungu zikaunjikana pamenepo batani limafa. Anatenga kathonje n'kupukuta yekha, tinatseka padiyo, ndipo atadina batani lija wosewera wa pa sikirini anamenya mpira. Nkhope imene anaonetsa ndinaizindikira, chifukwa ndi yomwe ndinali nayo m'kanyumba kaudzu kaja. Anandifunsa kuti, "Ankolo, kodi zonse zimatsegulidwa chonchi?" Lero ndi mwamuna wamkulu, amawotcherera tizipangizo ta m'mafoni timene maso anga sationanso bwino, ndipo mayi ake akamadutsa popita kumsika amaima n'kutipatsa moni.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga pa nkhani ya magemu, ndipo ndimasiyana ndi anthu a mbali ziwiri. Ndimasiyana ndi makolo amene amati gemu iliyonse ndi yoononga mwana, komanso ndimasiyana ndi anyamata amene amati gemu iliyonse ndi yabwino. Tetris, imene Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow mu 1984, ilibe mfuti kapena magazi, ndi tizidutswa tongogwa kuchokera pamwamba timene uyenera kutiyala mwamsanga tisanadzaze, koma sindinaonepo gemu ina imene imaphunzitsa mwana kuganizira patsogolo ngati imeneyi. Minecraft, imene inayambira ku Sweden m'manja mwa Markus Persson mu 2009, imapatsa mwana dziko lopanda kanthu n'kumusiya kuti amange yekha, ndipo ndaonapo ana akukangana za mmene angakokere madzi kupita kumunda wa m'gemumo mofanana ndi mmene akuluakulu amakanganirana kudimba. Magemu a mpira ndiwo amatidyetsa, ndipo mkangano wa okonda FIFA ndi okonda Pro Evolution Soccer sunathe pa benchi yathu ngakhale kuti mayina onse awiriwa anasintha, Pro Evolution Soccer kukhala eFootball mu 2021 ndipo FIFA kukhala EA Sports FC mu 2023. Ndimawakonda chifukwa amasonkhanitsa anthu: wakabaza ndi mphunzitsi amakhala benchi imodzi, ndipo wogonja amapereka padi kwa wotsatira popanda kufunsa kuti ndi mwana wa yani.

Amene sindigwirizana nawo ndi magemu amene amapempha wosewera kulipira ndalama kuti atsegule bokosi limene sakudziwa za m'kati mwake. Ngakhale alitchule dzina lokoma bwanji, limenelo ndi khomo la juga, ndipo mwana wozolowera zimenezi sachedwa kuyamba kubetcha pa foni. Sindilolanso ana aang'ono kusewera magemu okhetsa magazi. Pa mabokosi a magemu ochokera ku Ulaya pamalembedwa zaka zoyenera, 3, 7, 12, 16 kapena 18, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti eni malo ambiri osewerera sayang'anako n'komwe manambala amenewa.

Pa nkhani ya mafilimu ndili ndi maganizo amene anzanga ophunzira amandidabwa nawo. Ine sindinyoza mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa. Mayi anga, amene sanapite patali ndi sukulu, anayamba kutsatira filimu kuyambira poyamba mpaka pamapeto chifukwa cha anyamata omasulirawa, ndipo ambiri mwa anyamatawo anaphunzira okha kudula ndi kulumikiza mawu pa kompyuta popanda wowaphunzitsa. Chimene chimandikhumudwitsa ndi pamene womasulira asiya nkhani ya filimuyo n'kuyamba kulowetsamo zotukwana kuti anthu aseke, komanso kuti luso lonselo likuthera pa ntchito za eni ake m'malo mopanga nkhani zathu.

Ndipotu nkhani zathu zilipo, ndipo ina inachokera m'boma lathu lomwe lino. William Kamkwamba wa ku Wimbe analeka sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opangira magetsi kuchokera ku mphepo pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga, mapaipi ndi zitsulo zotayidwa, atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale. Filimu ya moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, imene anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, inatuluka mu 2019, inajambulidwa kuno ku Malawi ndipo mbali yaikulu anthu ake amalankhula Chichewa. Tinaionera usiku wina pa laputopu, ine, mayi a kunyumba ndi anyamata a pa shopu. Pamene mnyamata wa mufilimuyo ankafukula zitsulo kudzala, m'chipindamo munali zii, chifukwa aliyense wa ife anali atachitapo zimenezo ndipo anali atatchedwapo wamisala chifukwa cha izo. M'maiko a azungu anthu okonda makina ndi makompyuta motere ali ndi dzina lawo ndi misonkhano yawo. Kuno timangoti ndi mwana wosamva amene amamasula wailesi ya bambo ake, ndipo nthawi zambiri mphoto yake imakhala chikwapu.

Mavuto aakulu awiri amene takumana nawo ndi magetsi ndi ndalama yakunja. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima nthawi yaitali. Jenereta inkadya phindu lonse, choncho mayi a kunyumba anatenga ngongole ku banki mkhonde tinagula mapanelo a sola, mabatire ndi invata, zimene zimakwanitsa kuyendetsa tebulo lokonzera ndi masikirini awiri. Kenaka ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti mitengo ya zipangizo inakwera kwambiri ndipo maloto anga ogula PlayStation 5 anathera pomwepo. Koma vuto lomwelo linabweretsa makasitomala atsopano, pakuti munthu amene kale akanataya laputopu yake n'kugula ina anayamba kubwera nayo kuti tiione. Nthawi zambiri matenda ake amakhala ochepa: fani yodzaza fumbi imene ikuchititsa makina kutentha n'kuzima okha, batire yotopa, kapena hadi disiki yakale imene tikaisintha n'kuikamo SSD, chosungira zinthu chamakono chofulumira, kompyutayo imathamanga ngati yatsopano.

Kampani ya Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, anthu ambiri anabwera ndi nkhawa chifukwa makompyuta awo akale sangalandire Windows 11. Ambiri mwa makina amenewa timawaikira Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, imene inayambidwa ndi Linus Torvalds ali wophunzira ku Helsinki mu 1991, ndipo aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito popanda kulipira. Ndimaikonda chifukwa siibisa za m'kati mwake; wofuna kudziwa mmene imagwirira ntchito akhoza kutsegula n'kuwerenga, monga tinachitira ndi padi ija.

Makompyuta atatu amene eni ake anawasiya atalephera kulipira tinawakonza n'kuwaika kuchipinda cham'kati, ndipo Loweruka lililonse m'mawa, shopu isanadzaze, ana amabwera kudzaphunzira Scratch, pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya MIT ku America imene imathandiza mwana kupanga gemu yakeyake polumikiza malamulo ngati njerwa. Sitilipiritsa, koma mwana aliyense amayenera kubwera ndi chilolezo cha kholo lake. Chimene chimandivutitsabe mtima ndi kuchepa kwa atsikana. Makolo ambiri safuna mwana wawo wamkazi alowe m'malo odzaza anyamata okuwa, ndipo sindingawadzudzule, choncho mayi a kunyumba ndiwo amakhala m'chipindamo nthawi yonse ya maphunziro ndipo khomo limakhala lotsegula. Pano tili ndi atsikana awiri. Mmodzi wa iwo akupanga gemu ya nkhuku yothawa kabawi, ndipo sabata yatha anakhala pafupifupi ola lathunthu akufufuza chifukwa chimene nkhukuyo inkadutsira m'khoma la khola m'malo moima. Nditafuna kumuthandiza anandiuza kuti, "Ayi ankolo, musandiuze, ndatsala pang'ono kupeza." Anapeza kuti anaika lamulo loyendetsa nkhuku pamalo olakwika, analisuntha, ndipo Loweruka likubwerali akufuna kuwonjezamo anapiye.