Mafupa a ku Chencherere

Ndinanyamuka pa boma la Dedza m'mamawa chifunga chisanayere, ndipo pamene wakabaza ankanditsitsa m'tsinde mwa phiri la Chencherere, zala zanga zinali zitauma ndi chisanu. Alendo ambiri amadzera zojambula zofiira ndi zoyera za pathanthwe, zomwe zili m'dera la Chongoni limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wake mu 2006, koma ine maso anga anali pa dothi la m'phangamo, momwe katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anafukula mu 1972 ndipo munapezeka mafupa a anthu akale.

Bambo wachikulire amene anandiperekeza anandifunsa ngati fupa louma lingaulule mwini wake. Ndinawayankha kuti, bambo, limaulula zambiri ndithu, chifukwa akatswiri a forensic anthropology, sayansi yozindikira munthu popima mafupa ake, amayamba ndi mafupa a m'chiuno, omwe kwa mkazi amakhala otambasuka kusiyana ndi a mwamuna, kenako amayeza fupa la ntchafu kuti ayerekeze kutalika kwa munthuyo. Zaka za mwana amaziwerenga pa mano amene anamera ndi amene anali akadali m'nsagwada, ndiponso pa nsonga za mafupa zomwe zimalumikizana munthu akamakula. Ngakhale fupa lomwe linathyoka n'kupola limasunga chipsera chimene wachibale angachikumbukire.

Dzina lokha ndi limene fupa silitchula. Pamafunika wina wofanizira naye, kaya mayi kapena mwana wake wopereka DNA. Kafukufuku wa DNA ya m'mafupawo amene anasindikizidwa mu 2017 anasonyeza kuti anthu a ku Chencherere, omwe anakhalako zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, sali makolo a Amalawi ambiri a lero. Bambo aja anangogwedeza mutu n'kutchula Akafula, anthu akale amene Achewa amati anawapeza m'derali, ngati kuti sayansiyo yachedwa ndi nkhani yodziwika kale.

Potsika ndinakumbukira manda aja a m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, momwe apolisi anafukula mitembo 25 mu October 2022, ya anthu amene ankaganiziridwa kuti anachokera ku Ethiopia. Kupima kungathe kunena kuti uyu anali mnyamata wa zaka zakutizakuti, koma abale oti afanizidwe nawo ali kutsidya kwa malire a mayiko angapo. Wakabaza uja ndinamupeza atakhala pamwala akuwothera dzuwa, ndipo tinabwerera ku boma mwakachetechete.